Kodi njuchi za m'kompyuta zingakonze fakitale yathu?

Funso: Ndine kapitawo pa fakitale yaing'ono ku Kanengo. Timapanga mageti, zitseko, mafulemu a mawindo, mabedi ndi mashelefu achitsulo, ndipo makina tili nawo 14. Maoda amachedwa, anyamata amatha tsiku akungonyamula zitsulo uku ndi uku. Mwana wa abwana wabwera kumene kuchokera ku sukulu kunja, ndiye akuti tigule pulogalamu ya pakompyuta yotsanzira njuchi. Ati itiuza poika makina, kenaka ifukule m'mabuku athu chimene chimationongetsa katundu. Zoona zimenezi? Nanga chinthu chimodzi chingagwire bwanji ntchito ziwiri zosiyana chonchi?

Yankho: A kapitawo, mwachita bwino kufunsa musanasaine kalikonse. Nkhani yake ndi ya njuchi, ndipo tonse tikudziwa chimene safunsa anadya.

Mnyamatayo sakunama. Mu 2005 gulu la Pulofesa D. T. Pham pa yunivesite ya Cardiff ku Wales linatulutsa njira yotchedwa Bees Algorithm, ndipo chaka chomwecho Derviş Karaboga wa ku Turkey anatulutsa yake, Artificial Bee Colony. Zonse ziwiri zimagwira ntchito. Koma ine ndikanakhala pamalo panu sindikanatulutsa ndalama chaka chino, ndipo ndifotokoza chifukwa chake. Tiyambire pa benchi yanu pomwepo.

Tiyerekeze kuti Lolemba m'mawa muli ndi maoda asanu, wodula mmodzi ndi wowotcherera mmodzi, ndipo chilichonse chimayamba chadulidwa chisanawotcheredwe. Geti ifuna maola 7 kudula ndi 4 kuwotcherera. Bedi 5 ndi 2. Shelefu 6 ndi 1. Chitseko 3 ndi 5. Mawindo 2 ndi 6. Mukatsata mmene maodawo anabwerera, geti poyamba mawindo pomaliza, wowotcherera ayamba ndi kukhala maola 7 manja ali m'thumba kudikira geti. Akamaliza geti adikira ola limodzi, akamaliza bedi adikira maola 4, akamaliza shelefu adikiranso 2. Ndiye kumapeto ntchito zake zazitali ziwiri zimuunjikira pamene wodula wasamba kale. Zonse zitha pa ola la 32.

Tsopano chitani izi. Pa manambala khumi aja, pezani yochepetsetsa. Ikakhala ya kudula, oda yake ipite kutsogolo kwa mzere. Ikakhala ya kuwotcherera, ipite kumbuyo. Ifufuteni, mubwereze pa zotsala. Yochepetsetsa ndi 1 ya shelefu, ya kuwotcherera, choncho shelefu ikhala yomaliza. Kenaka pali ma 2 awiri: mawindo apita kutsogolo, bedi ikhala pafupi ndi shelefu kumbuyo. Chitseko ndi 3 wake chitsatira mawindo, geti itsala pakati. Mzere watsopano ndi mawindo, chitseko, geti, bedi, shelefu. Werengani nokha pa pepala: zonse zitha pa ola la 24. Anthu omwewo, makina omwewo, maola 8 apulumuka, tsiku lathunthu. Ndipo palibe mzere wina umene ungapose pamenepa, poti kudula kokha ndi maola 23 ndipo chodulidwa pomaliza chiyenerabe kuwotcheredwa, ola limodzi likachepa.

Lamulo limeneli analilemba Selmer Johnson wa ku RAND Corporation mu 1954. Ndi algorithm yeniyeni, kutanthauza mndandanda wa masitepe oti ukawatsata ufika pa yankho, ndipo yangofuna pensulo. Zimene mnyamatayo akunena, zomwe akatswiri amazitcha optimization, ndi zomwezi: pali zinthu zomwe mungasinthe, pali malire omwe simungadumphe, ndipo pali nambala imodzi yomwe mukufuna itsike kapena ikwere. Gwiritsitsani chachitatucho. Johnson amatsitsa ola lomalizira zonse, basi. Ngati mwini geti akubwera ndi lole Lachiwiri masana ndipo ndi kasitomala amene amakudyetsani chaka chonse, mzere wa maola 24 uja si wabwino ayi, chifukwa funso lasintha.

Nanga kompyuta imalowera pati? Imalowera pa kuchuluka kwa njira. Maoda 5 angafoledwe m'njira 120. Maoda 10, njira 3,628,800. Makina anu 14 angaikidwe m'malo 14 m'njira 87,178,291,200. Akafika 20, nambala yake imakhala ya madijiti 19, moti kompyuta yoyesa njira biliyoni imodzi pa sekondi ingathe zaka pafupifupi 77 isanamalize. Lamulo la Johnson nalo limathera pa makina awiri. Mukangoonjeza achitatu, palibe amene wapeza lamulo lachidule lotsimikizika pa maoda a mtundu uliwonse. Pali funso lina lotchuka la ntchito 10 pa makina 10 lomwe linasindikizidwa mu 1963, ndipo mpaka mu 1989 ndi pamene Carlier ndi Pinson anatsimikiza kuti yankho lake loposa onse, kutanthauza nthawi yochepetsetsa yomalizira ntchito zonse, ndi 930. Lina la kaikidwe ka madipatimenti 30, la mu 1968, linagonja mu 2000 atalikhalira makompyuta mazanamazana kwa sabata yathunthu. Zinthu zooneka zazing'ono m'maso, koma zolemera ngati mtondo wonyowa.

Apa akatswiri anagawana njira ziwiri. Yoyamba ndi ya masamu otsimikiza. Mu 1938 anthu a kampani yaboma yopanga mapulayiwudi ku Leningrad anapita kwa Leonid Kantorovich, mphunzitsi wa masamu wa zaka 26, kumufunsa momwe angagawire ntchito pa makina awo osenda mitengo kuti atulutse zambiri. Chimene analemba mu 1939 ndicho chiyambi cha linear programming, ndipo chinamupatsa mphoto ya Nobel mu 1975 limodzi ndi Tjalling Koopmans. George Dantzig ku America anapeza njira yake ya simplex mu 1947. Ubwino wa banja limeneli ndi woti likakupatsani yankho limakupatsaninso umboni kuti palibe loposa. Pa mafunso ngati "ndipange mageti angati ndi mabedi angati mwezi uno ndi zitsulo zomwe zili m'sitolo" kapena "ndidule bwanji mapaipi a mamita 6 kuti zidutswa zotaya zichepe", musafune kwina, njira ndi imeneyi.

Yachiwiri ndi ya kusakasaka, ndipo njuchi zili muno. Kuti mumvetse vuto limene imalimbana nalo, ganizani munthu amene ali pa phiri la Mulanje tsiku la chiperoni, sakuona kuposa pamene pathera ndodo yake, koma akufuna kufika pa Sapitwa. Akadziikira lamulo loti phazi lililonse likhale lokwera, posachedwa afika pamwamba pa kachitunda kena, mbali zonse n'kukhala zotsika, iye n'kumati ndafika. Sapitwa ali uko, ndipo kuti akafikeko ayenera kuyamba watsika. M'fakitale zimakhala chimodzimodzi: mwasinthanitsa makina awiriawiri mpaka palibe kusintha kumodzi komwe kukuthandiza, koma kaikidwe kabwino kwenikweni kakufuna musunthe anayi nthawi imodzi, n'kudutsa kaye poipa.

Njira zonse zokhala ndi mayina okoma zija ndi machenjerero otsikira pa kachitunda. Simulated annealing, yomwe Kirkpatrick, Gelatt ndi Vecchi a ku IBM anaifalitsa mu 1983, inabwereka nzeru imene osula amaidziwa: chitsulo chotentha ukachiziziritsa pang'onopang'ono chimakhazikika bwino, ukachiponya m'madzi chimauma n'kumathetheka. Poyamba njirayi imalola kusintha koipa kawirikawiri, kenaka imaumitsa mtima pang'onopang'ono mpaka kulola zabwino zokha. Genetic algorithm ya John Holland, ya mu 1975, imachita ngati mlimi wosankha mbewu: imasunga mayankho ambiri, n'kukwatitsa abwino kuti abereke ena. Marco Dorigo ku Milan mu 1992 anatengera nyerere ndi fungo limene zimasiya m'njira. Njira yotsanzira mbalame zouluka m'gulu inabwera mu 1995.

Njuchi zimatere. Kompyuta imatumiza "azondi", tinene 50, aliyense ndi kaikidwe kake ka makina kongolota. Kaikidwe kalikonse kamapatsidwa malikisi: maulendo onse a zitsulo pa sabata kuchulukitsa ndi mamita a ulendo uliwonse. Malo ochepa amene achita bwino amatumiziridwa njuchi zambiri kuti zifufuze pafupi pomwepo, mwachitsanzo posinthanitsa makina awiri okha n'kuona ngati mamita atsika. Malo oposa onse amalandira zambiri koposa, monga mmene njuchi yopeza maluwa abwino imavinira nthawi yaitali mumng'oma n'kukopa anzake ambiri, gule amene Karl von Frisch anamumasulira mpaka kulandira Nobel mu 1973. Malo akaleka kupindula amasiyidwa. Azondi otsala amapitirizabe kulota kwina kulikonse, kuti mwina Sapitwa ali kumene sikunapondedwe. Zikabwerezedwa kambirimbiri, mumatenga yankho labwino koposa mwa omwe apezeka. Mawu akuti "omwe apezeka" musawadumphe. Njuchi sizilonjeza kuti zafika pamwamba penipeni, ndipo mukaziyendetsa kawiri zingakupatseni mayankho awiri osiyana.

Funso lanu lachiwiri ndi limene landisangalatsa, chifukwa yankho lake ndi loti ntchito ziwirizo si zosiyana monga zikuonekera.

Tengani pepala lalikulu. M'mbali lembani makina onse 14, pamwamba lembani chilichonse chimene mumapanga, ndipo chongani pamene chinthu chimadutsa pa makina. Poyamba zichongo zidzaoneka zomwazika ngati mapira otayika pabwalo. Yambani kusuntha mizere, kuika pamodzi zinthu zodutsa pa makina ofanana. Mudzaona timagulu tikutuluka: mageti, zitseko ndi mawindo zimayenda pa sowo yodulira mapaipi, powotcherera ndi popala, mashelefu ndi zonse za malata zimayenda pa makina odula malata, opinda ndi oboola. Amenewo ndi mabanja. Mukaika makina a banja limodzi pamodzi m'malo moika odula onse ngodya iyi ndi owotcherera onse ngodya iyo, kunyamula kuja kumachepa kokha. Nzeru imeneyi imatchedwa group technology. Mitrofanov anaikulitsa ku Soviet Union m'zaka za m'ma 1950, John Burbidge ku Britain anaonetsa kuti mabanjawo mungawapeze pongowerenga makadi a ntchito, ndipo J. R. King mu 1980 anapereka njira yosanjira mizere ija mwadongosolo. Nthawi zonse pamatsala zosamvera: popentera pamafunidwa ndi aliyense, ndipo pamakhala chinthu chimodzi kapena ziwiri zoyenda m'mabanja onse. Ntchito ya algorithm ndi kuchepetsa zosamverazo.

Tsopano onani data mining, kumene ndi kufukula m'mabuku kuja. Mbali yaikulu ya ntchito imeneyi ndi kugawa zinthu m'magulu ofanana, monga mayi wa tomato pamsika amaikira milu, akuluakulu apa, apakati apa, ofewa apo. Njira yotchuka kwambiri ndi k-means, imene Stuart Lloyd anailemba ku Bell Labs mu 1957 ndipo dzinalo linachokera kwa James MacQueen mu 1967. Mumanena kuti mukufuna milu ingati, kompyuta imalota pakati pa mulu uliwonse, imaika chinthu chilichonse pa mulu woyandikana nawo, imawerenganso pakati, n'kubwereza mpaka palibe chosuntha. Yachangu, koma ili ndi matenda a chiperoni aja: ikalota poyambira poipa imakakamira pa kachitunda. Kugawa makina m'mabanja ndi kugawa makasitomala kapena katundu wowonongeka m'milu, kwa kompyuta ndi funso limodzi: ika zofanana pamodzi, tsitsa nambala yoyeza kusiyana. N'chifukwa chake gulu la ku Cardiff lomwelo linayesa njuchi zake pa zonse ziwiri. Njuchi sizidziwa kuti geti n'chiyani. Zimangodziwa kuti 412 ndi yochepa kuposa 430.

Ndiye bwanji ndikuti musagule?

Choyamba, nyamazo si zimene zimachiritsa. Pofika lero kuli ma algorithm a achule, mileme, mimbulu, ziphaniphani, anamgumi, ndipo ambiri ukawavula dzina umapeza ndi kusakasaka komwe kuja mu malaya atsopano. Kenneth Sörensen wa ku Antwerp anadzudzula khalidweli poyera mu 2015, ndipo ine ndili mbali yake. Wolpert ndi Macready anali ataonetsa kale mu 1997 kuti ukawerengera mafunso onse otheka, palibe njira yosakira yoposa inzake. Imene imapambana ndi yosokedwa molingana ndi funso lako. Ngakhale matenda a k-means, mankhwala ake otchipa ndi kungoiyendetsa ka 20 kapena ka 50 n'kutenga yabwino, kapena kusankha poyambira motalikirana monga imachitira k-means++ ya mu 2007. Wogulitsa akamatamanda njuchi kuposa kufunsa za fakitale yanu, kumbukirani mkuyu ndi zimene zimakhala m'kati mwake.

Chachiwiri, ndipo apa ndikhalitsapo, ndi mabuku anu. Ndinaitanidwapo pa fakitale ina yofanana ndi yanu. Abwana anandipatsa makaundula atatu a chaka chathunthu, akuda ndi girisi m'makona, monyadira. Nditatsegula ndinapeza ntchito iliyonse yayamba 7:30 n'kutha 16:30, geti kapena kashelefu chimodzimodzi, inki imodzi, dzanja limodzi. Kalaliki amadzaza sabata yonse Lachisanu masana, kuchokera m'mutu. Sanali wakuba, palibe anamuuzapo kuti manambalawo adzagwira ntchito ina kupatula kuwerengera ovataimu. Mukadyetsa njuchi zotere, zidzakupatsani yankho lokongola, la madesimolo anayi, lopanda pake. Tinasiya makaundula, ndinakhala milungu iwiri pa mpando pakhomo la shedi ndi wotchi ndi kope, ndipo chimene tinapeza sichinafune kompyuta: mapaipi amatsitsidwa pa geti lakumadzulo pamene sowo inali kum'mawa, moti paipi iliyonse imayenda shedi yonse pa mapewa a anthu awiri isanakhudzidwe n'komwe ndi makina.

Ngakhale manambala akhale oona, kufukula kuli ndi msampha wake. Kompyuta ingakuuzeni kuti katundu wambiri wobwezedwa anapangidwa ndi shifiti yamadzulo, abwana n'kuyamba kukalipira anyamata amadzulo. Koma mwina madzulo ndi pamene magetsi amazimazima, jenereta n'kumapereka mphamvu yosakhazikika ku makina owotcherera. Mwina ndi pamene utoto umapakidwa mothamanga kuti lole isagone. Ngati m'buku mulibe danga lolemba kuti magetsi anali a jenereta, kompyuta idzaloza munthu amene waima pafupi ndi mlandu. Komanso pulogalamu yamphamvu ikapatsidwa mizere yochepa imaloweza m'malo mophunzira, ngati mwana woloweza mayankho a mayeso a chaka chatha. Muyeso wake ndi umodzi: bisani miyezi iwiri yomaliza, iphunzire pa inayo, kenaka muone ngati ilosera zimene inu mukudziwa kale kuti zinachitika.

Chachitatu ndi nambala ija yomwe mukufuna itsike. Kantorovich yemweyo ndi anzake anathandiza fakitale ina yopanga mabogi a sitima ku Leningrad kudula malata mosataya. Zinatheka, zidutswa zinachepa kwambiri, kenaka fakitaleyo inapezeka pa mlandu wolephera kupereka mlingo wa zitsulo zotaya umene boma linaiikira kuti uzipita kosungunula. Walira mvula walira matope. Ine ndinaonapo pulogalamu itaika popentera moyandikana ndi powotcherera, chifukwa pa mamita zinali zoona kuti zitsulo zimachoka apa kupita apo. Palibe anaiuza kuti thina ndi nthethe za moto sizikhalirana, kuti makina odula malata anakhazikidwa pa konkire yake yokuya, kuti pakati pa shedi pali mzati, kapena kuti paipi ya mamita 6 imafuna malo okhotera. Zimenezi zili m'mutu mwanu, a kapitawo, ndi mwa wowotcherera wanu wamkulu. Munthu wokonza pulogalamu akapanda kukhala nanu pansi tsiku lathunthu kuti azitulutse, chimene adzakonze ndi fakitale ya m'maloto.

Mnyamatayo musamugwetse mphwayi, ali ndi maso abwino, mupatseni ntchito. Kwa mwezi umodzi oda iliyonse iyende ndi kadi lake: yafika liti pa makina ati, yayamba liti, yatha liti, magetsi anali otani, ngati yabwezedwa chifukwa chake n'chiyani. Alembe amene akugwira ntchitoyo nthawi yomweyo, ndipo muwauze poyera kuti makadiwo si odulira malipiro, apo ayi mudzalandira 7:30 ndi 16:30. Jambulani shedi pa pepala ndi miyeso yake, mizati ndi mageti omwe, mulondole ndi pensulo njira ya geti imodzi ndi shelefu imodzi kuchokera pa lole mpaka pa lole. Pangani tebulo la zichongo lija. Zikatero ayese zaulere kaye. Excel imene muli nayo kale ili ndi Solver, yomwe imalandira zosintha mpaka 200 ndipo m'kati mwake muli simplex ya Dantzig komanso njira ya mtundu wa genetic algorithm. Ngati amadziwa Python, chilankhulo cholembera mapulogalamu a kompyuta, OR-Tools ya Google ndi yaulere ndipo imatha mafunso a kufola maoda aakulu kuposa anu, nthawi zambiri ndi umboni womwe. K-means ili mu scikit-learn, pulogalamu ina yaulere ya Python. Njuchi nazo angazilembe yekha m'masamba awiri ngati akuzifunitsitsa, n'kuziyerekeza ndi zinazo pa manambala anu.

Tsiku lina mukadzakula, makina 60, maoda mazana pa sabata, aliyense ndi tsiku lake, pamenepo kusakasaka kwa mtundu wa njuchi kudzakhala ndi malo ake, ndipo pulogalamu yogula ingadzabweze ndalama zake. Wogulitsa wa tsiku limenelo mudzamupatse maoda a mwezi wapitawo, awafole, muyerekeze ndi mmene inu munawafolera. Mudzamufunse chimene pulogalamu imachita magetsi akazima 10 koloko kapena malata akachedwa pa boda milungu itatu, komanso ngati laisensi yake ndi ya chaka ndi chaka m'madola, poti kupeza ndalama zakunja mukukudziwa nokha.

Posuntha makina, yambani ndi zosamangidwa pansi: mabenchi, mashelefu osungira mapaipi, makina opalira. Jambulani malo atsopano ndi choko pa simenti Lachisanu, anyamata awiri anyamule paipi yathunthu ayende nayo m'mizere ya chokoyo mpaka popentera, muone pamene igunde.